Ndinalanga Mwana Wanga ndi Ulemu

Andiuza kuti ndiime pano ndinene zanga. Kulankhula sindidziwa. Sukulu ndinalekeza Sitandade 5, ntchito yanga ndi kulima mbatatesi ndi kabichi. Ndinena zimene zinachitika, wakumva amve.

Nonse mwabwera chifukwa cha ana. Wina mwana wake watenga mimba, wina wake wayamba chamba, wina wake sagonanso pakhomo. Nkhope zanu ndikuziona, mwakwiya. Mukufuna alangizi akukonzereni mwanayo ngati njinga yothyoka tcheni, inu mudikire panja. Inenso ndinali choncho.

Ndine Fabiano, mfunda wanga Mbewe. Ndinakwatira a Nankhoma kumapiri kuno, ndipo ndimakhala kwawo, chikamwini. Mwana wathu woyamba ndi Damiano. Nkhani yonse ndi ya iyeyo.

M'mudzi mwathu muli katchalitchi ka njerwa zosawotcha. Ansembe ankabwerako mwa apo ndi apo. Belu lathu linali chitsulo cha gudumu la lole, chopachika pamtengo. Ndodo yolizira ndinkasunga ine, pansi pa bedi. Lamulungu lililonse ndinkaliza ine, anthu n'kutsika m'mapiri chifukwa cha dzanja langa. Zinkandikoma. M'mudzi wa eni mkamwini alibe mawu, koma belu lija linali mawu anga. Tikalowa m'tchalitchi, woyambitsa nyimbo anali Damiano. Anali ndi mawu mwana uja. Amayi okalamba ankatseka maso akayamba.

Mayeso a Sitandade 8 analemba, sanasankhidwe ku sekondale. Anabwereza, osasankhidwanso. Ndinamupatsa njinga yanga kuti azinyamula mbatatesi kupita nazo ku Chimbiya, kumene malole amagula. Njira yachidule yochokera kwathu imadutsa m'mbali mwa manda. Tsiku lina tikukwezera mizere anandiyamba.

"Bambo, njira ya kumanda ija..."

"Yatani?"

"Imavuta."

"Mwamuna saopa njira. Nena Atate Athu, udutse."

Ine ndinapitiriza kulima. Mawu amenewo muwasunge, ndidzabwererako.

Titakolola, ng'oma za gule zitayamba kulira m'midzi, Damiano anasowa pakhomo. Ndikafunsa amake, ankangoyang'ana pansi. Patapita masiku anabwera naye alamu anga a Lemani, mlongo wa mkazi wanga, mwini mbumba. Mwana ali wometa mpala, maso ali pansi. Anali atapita naye kudambwe, walowa gule.

"Alamu," anatero a Lemani, "mwana wanu uyu wagula njira. Wakula tsopano. Za iwe-iwe zatha, muzimupatsa ulemu wake."

Ndinawayang'ana. Mudzi ndi wawo, mbumba ndi yawo, ine ndinangobwera ndi khasu. Ndikanati chiyani?

"Ulemu?" ndinatero. "Auona."

Loweruka lake anafika akuluakulu anzanga a kutchalitchi. Anakhala pakhonde, kutsokomola, kufunsa za mbewu. Kenako anati, "A Mbewe, mupume kaye mpaka za kunyumba kwanu zikonzeke. Ndodo ija tiipatse wina." Ndinalowa, kuitulutsa, kuwapatsa. Amene anampatsayo ankaliza ngati akuthamangitsa anyani m'munda.

Tsono mverani chimene ndinachita. Mwana wanga sindinamumenye, ngakhale khofi limodzi. Sindinamutukwane, sindinamuthamangitse. Anthu ankanditama kuti a Mbewe ndi munthu wofatsa, wina akanathyola mwana msana. Ine ndinangochita zimene alamu anapempha. Ndinayamba kumupatsa ulemu.

M'mawa ndikamuona ndinkavula chipewa. "Mwadzuka bwanji, bambo Mbewe?" Akabwera pakhonde ndinkanyamuka pampando, kuupukuta, kumupatsa, ine n'kukhala pansi. Kale tinkadya mbale imodzi. Tsopano akasamba m'manja ndinkachoka. "Akuluakulu adye okha, ife ana tidikire zotsala." Ndikafuna khasu ndinkawomba m'manja. "Pepani bambo, ngati sitikukuvutitsani, tibwerekeko khasu lanulo." Azing'ono ake poyamba ankaseka, ankayesa nthabwala. Pambuyo pake analeka kuseka. Ndikayamba, ankathawira kuseri kwa nkhokwe.

Iye poyamba ankati, "Bambo, musatero." Ine n'kuyankha, "Talakwa pati, bambo? Tikhululukireni." Tsiku lina anandipeza kudimba, anagwada m'matope, ali ndi mkwapulo wa pichesi m'manja wothyola yekha.

"Bambo, bola mundimenye. Mundimenye zithe."

"Ine kumenya akuluakulu? Ndine ndani ine?"

Ndinamusiya chogwada chomwecho. Mumtima ndinamva kukoma. Musandiyang'ane choncho, ndikunena zoona. Zinandikoma.

Mowa unalowa motere. Lamulungu belu likalira mtima unkandiwawa, ndiye ndinkatsikira kudambo kumene mayi wina ankatcheza kachasu. Ndinkaganiza kuti kumeneko belu silimveka. Limamveka. Ndinkamwa mpaka lileke kumveka. Unayamba wa Lamulungu, unalowa Lolemba, mapeto ake sabata yonse. Mvula itabwera, mbatatesi zinagwidwa chiwawu, ine osapopera. Munda unada bii. Njinga ndinagulitsa, ndalama zake zinathera kudambo komweko. Zochepa zimene Damiano ndi amake anapulumutsa, mwana ankasenza pamutu mpaka ku Chimbiya. Ndinagonapo m'ngalande, galu n'kumandinyambita kumaso. Ana a sukulu ankandiimba nyimbo.

Mkazi wanga anayesa. "Bambo a Damiano, mwanayu akutha. Sadya, salankhula, anzake wawasiya."

"Kauzeni alongo anu, eni mbumba. Ndipo dzina limenelo musandiitanenso nalo."

M'nyumba mwathu munkangomveka mbale.

Zinapitirira choncho mpaka mapichesi a chaka chinacho atayamba kupsa. Tsiku la msika ndinafika ku Chimbiya nditalawa kale. Polowera panali achinyamata a chipani, akufunsa makhadi. Zimenezo mukuzidziwa, sindiwonjezera. Langa linali litatayika kumowa. Anandikhazika pansi m'mbali mwa msewu pamodzi ndi ena opanda makhadi, anthu akudutsa, akutiyang'ana. Ndipo ndinaona Damiano akubwera, thumba pamutu, thukuta lili chuchuchu. Anandiona. Akanatha kudutsa ngati sanandione. Anatula thumba, kupita kwa wamkulu wa achinyamata aja, kugwira manja kumbuyo.

"Achimwene, awa ndi bambo anga. Khadi anagula, ndinaliona ndi maso anga. Aloleni, ndikalifune kunyumba."

Mnyamata uja anandikhudza ndi phazi. "Madala, uyu ndi mwana wanu?"

Ndinakweza mutu, kumuyang'ana Damiano kuyambira kumapazi.

"Bambo awa? Ndimangowaona m'mudzi. Ine mwana wamkulu chonchi ndilibe."

Anthu anaseka, ngakhale anzanga okhala pansi aja. Damiano anaima pang'ono. Kenako anawerama, kudzisenzetsa yekha thumba lija popanda womuthandiza, n'kulowa mumsika. Sanacheuke.

Kutacha amake anamupeza kudimba ali gone pakati pa kabichi. Anali atamwa mankhwala a mbewu. Mkuwo wa mkazi wanga unandipeza ndili ndi matsire pamphasa. Ndinathamanga chodzandira. Njinga yoti ndimunyamulire panalibe, ndinali nditaimwa. Amene anamanga ng'ombe pangolo ndi a Lemani, munthu amene ndinkadana naye kuposa wina aliyense. Anamunyamula okha m'manja, kumugoneka pamiyendo ya amake, kukwapula ng'ombe. Ndinatsatira ngolo pambuyo ngati galu mpaka kuchipatala cha mishoni.

Sanafe. Anthu a kuchipatala anagwira ntchito yawo. Koma kukhosi kunapsa.

Apa ndichepetse liwiro, chifukwa ndi pamene pali nkhani.

Atandilola kulowa, unali masana. Damiano ali chagada, wowonda, milomo yosweka. Amake ali pansi m'mbali mwa bedi. Pafupi nawo panakhala mayi wina wamfupi, wa imvi, nsapato za pulasitiki zong'ambika. Sindinkamudziwa. Anali amayi Nangozo, amene amalangiza atsikana ndi anyamata kumishoni. Achinyamata akagonekedwa ndi nkhani zotere, a kuchipatala ankawaitana.

Ndinaima kumiyendo kwa bedi. Ndinkafuna kunena kanthu kabwino, Mulungu ndi mboni. Koma pakamwa panali patazolowera. Dzanja linavula chipewa lokha, ndipo ndinamva mawu anga akuti:

"Mwaswera bwanji, bambo?"

Damiano anatembenukira kukhoma. Amake anaphimba nkhope ndi chitenje.

Mayi uja anandiyang'ana. "Pepani bambo, ine ndine mlendo. Odwalawa ndi apongozi anu?"

"Ayi."

"Ndi abwana anu a kuntchito?"

"Ndi mwana wanga."

"Oo. Ndiye tiyeni panja. Mudzalowa mukamupeza mwana wanuyo. Pabedi apa mukuonapo munthu wina."

Ndinatuluka panja, magazi akuwira. Munthu wamkazi, wosandidziwa, kunditulutsa pamaso pa odwala! Anandilondola, kukhala pansi pakhonde, kutambasula miyendo ngati ali kwawo. Ine ndinaimirira, n'kuyamba kukhuthula. Za alamu amene anaba mwana wanga. Za chikamwini, kuti munthu umabala koma ana ndi a eni. Za akuluakulu amene anandilanda ndodo. Za belu, mmene ndinalilizira zaka zonsezo, mvula ndi chisanu, popanda wondithokoza. Anandisiya ndilankhule mpaka malovu anauma.

"Mwatha?"

"Ndatha."

"Za belu ndamva. Likuoneka kuti linali belu labwino. Nanga mwanayo dzina lake ndani?"

"Simunafunse amake?"

"Ndikufunsa inu."

Abale, dzina ndinamupatsa ndekha paubatizo. Koma linakana kutuluka. Ndinali ndisanalitchule chiyambire tsiku la mpala lija. Ndinayang'ana kumapiri. Linatuluka mopotoka.

"Damiano."

"Eya. Ndiye Damianoyo munamufunsa chimene analowera gule?"

"Chifukwa n'chodziwika. Kusamvera."

"Sindinafunse zimene mukudziwa. Ndati munamufunsa?"

Ndinali ndisanamufunsepo.

Anati za gule ndi za tchalitchi iwo saweruza, zili ndi eni ake. Anati belu sangandibwezere. "Ine changa n'chimodzi, mwana uyu asabwerezenso. Akatuluka muno n'kukapeza nyumba ili chimodzimodzi, adzabwereza, ndipo ulendo winawo ngolo idzachedwa. Mukufuna zimenezo?"

"Ayi."

"Ndiye mverani. Muno musalowe mukununkha kachasu. Mukalowa, chipewa chikhale pamutu, si tchalitchi muno. Mukhale pansi pafupi naye. Ngati kumutchula kuti iwe kukukukanikani, musamutchulenso kuti inu. Ingotsekani pakamwa."

"Ndingokhala ngati chitsa?"

"Chitsa sichinaphepo mwana."

Ndinachita zimenezo. Musaganize kuti zinali zapafupi. Thupi linkafuna mowa, thukuta lozizira, mutu ngati akuukhoma misomali. Ndinkagona pakhonde la chipatala pamodzi ndi ena odikirira odwala. Kukacha n'kulowa, kukhala pansi, phee. Iye kukhoma, ine kuyang'ana miyendo ya bedi. Ndinaidziwa bwino miyendo ya bedi lija. Tsiku lina bulangete lake linagwa, ndinalitola, kumufunditsa kumapazi. Sanawabweze mapazi. Ndi zokhazo zimene zinachitika sabata imeneyo.

Amayi Nangozo ankacheza naye payekha, ife titatuluka. Zimene ankakambirana sindizidziwa mpaka lero. Ndinafunsapo, anati, "Zimenezo ndi zake. Inunso zanu sindinamuuze."

Atayamba kuyenda, anatisonkhanitsa pa kapinga kuseri kwa chipatala: ine, amake, a Lemani, ndi iye. Ine ndi alamu tinakhala motalikirana ngati atambala awiri. Mayi uja anati lero wolankhula ndi Damiano, wina aliyense akatsegula pakamwa achoke. Ndiye anamufunsa, "Mwanawe, unalowa bwanji gule? Uza ine, awa angomvera."

Mawu amene anatuluka sanali ake. Anali okhwekhwereza, ngati munthu akukoka thumba pamchenga. Tinachita kuweramira kuti timve.

Anati njira ya kumanda ija, wosalowa gule sadutsa mwamtendere nyengo ya ng'oma. Anyamata anzake olowa kale ankamudikirira. Ankamugwetsa ndi njinga, mbatatesi n'kugubuduka kutsetsereka, iye n'kumatola imodziimodzi akumukwapula, akumuti mwana wa kwaya. Akazungulira njira yaitali ya kuphiri ankafika ku Chimbiya malole atagula kale n'kupita. Akabwera ndi thumba kunyumba, ine ndinkamukalipira kuti ndi waulesi, sukulu yamukanika, malonda amukanikanso.

"Ndinawauza bambo. Anati ndinene Atate Athu. Ndinanena, anandigwetsabe. Ndinawauza amalume. Anati mankhwala ake ndi amodzi."

Anapuma, kukhosi kukumuwawa. Kenako kwa nthawi yoyamba anayang'ana ine.

"Ndinagula njira kuti mbatatesi zanu zizifika."

Mwamva? Mbatatesi zanga. Ine ndinkati wandipandukira, wasankha amalume ake, wandichotsa ulemu dala. Mwana ankangofuna thumba lifike malole asanapite. Ndipo anandiuza, tsiku lija tikukwezera mizere. Funso limodzi lokha, lakuti imavuta bwanji, likanatha zonse. Ndinalibe nthawi, ndinali ndi mzere woti ndimalize.

Sindinalire. Ena akaima pano amati analira, mtima n'kupepuka. Ine ayi. Ndinangomva kuwawa, ndipo kuwawako kulipo mpaka lero.

Amayi Nangozo anatembenukira kwa alamu. "Inunso a Lemani. Mwana ali ndi atate ake amoyo. Munakawauza musanamutenge?"

"Akanakana."

"Akanakana, koma akanadziwa chifukwa. Inu munapambana mkamwini, awa anapambana mwini mbumba, onse awiri mwapambana. Nanga amene anagona pangolo ndani?"

A Lemani anazula udzu, kuutafuna. Amuna awiri a ndevu tinakhala zyoli ngati ana ogwidwa akuba nzimbe.

Kwa mkazi wanga anati, "Inu mayi, munaona zonse, munakhala chete poopa kukhala pakati pa mwamuna ndi mlongo. Ulendo wina mukaona mwana wasiya kudya, wasiya anzake, musadikire chilolezo cha munthu. Thamangani kuno."

Za kubwerera ndinene mwachangu, chifukwa mulibe zokoma, ndi ntchito basi.

Mankhwala onse a mbewu tinawachotsa pakhomo, anakatsekeredwa kwa a Lemani. Ndikafuna kupopera ndinkapita kukapempha kwa alamu, n'kubweza wotsala tsiku lomwelo. Kunyada kwanga kunathera pamenepo. Damiano sitinkamusiya yekha kudimba. Kudambo kwa mayi wa kachasu ndinasiya kudutsako, ndinkazungulira, inenso ndinaphunzira njira yaitali. Ndinagwapo kamodzi, pamaliro a msuweni wanga. Ndinapita kwa amayi Nangozo ndi manyazi. Anati, "Mwagwa, mwabwera. Mukanagwa osabwera ndiye ikanakhala nkhani. Kamuuzeni mwana nokha asanamve kwa ena." Ndinakamuuza, ndikuyang'ana pansi, osamutchula inu, osamutchula iwe. Amayi Nangozo anatinso Lamulungu ndisathawenso belu. Ndinkapita, kukhala kumbuyo kwenikweni, kumva mnzanga uja akuthamangitsa anyani ake.

Mwezi uliwonse tinkayenda wapansi kupita kwa amayi Nangozo, nthawi zina tonse, nthawi zina Damiano yekha. Anandiphunzitsa chinthu chimodzi chimene ndikupatseni ulere. Anati mnyamata sulankhula naye mutayang'anizana ngati pabwalo la milandu. Gwirani ntchito limodzi, maso onse ali pa khasu, ufunse funso limodzi, ndipo akayamba kuyankha usamudule, usamulalikire. Ndinayesa. Mafunso anga oyamba anali opusa. Kabichi uyu akufuna madzi? Ankati eya. Mawa lake lina. Pang'onopang'ono mayankho anayamba kutalika. Matumba tinkasenza awiri, kudutsa njira ya kumanda yomwe ija. Ndinaona potsetsereka pamene mbatatesi zinkagubudukira. Ndi patali.

Koma liwu lakuti iwe silinkatuluka. Ndinkalankhula mozungulira ngati munthu wopewa dzina la apongozi. Khasu lili kuti? Madzi akufunika apa. Ndikati ndiyese, lilime linkauma. Ndinkaona ngati ndikatero ndiye kuti ndavomera zonse pamaso pake. Ndinadandaula kwa amayi Nangozo. Anati, "Musalikakamize. Koma dziwani kuti akulidikira."

Linatuluka lokha. Tinali titakumba mbatatesi kumunda wa kuphiri, titabwereka ngolo ya a Lemani. Ng'ombe tinazimasula kuti zidye, ngolo tinaiimika potsetsereka, mwala pagudumu. Tinapakira matumba. Damiano anali kumunsi kwa ngolo, wawerama akumanga thumba. Ndinaona mwala uja ukusuntha.

"Iwe Damiano! Choka apo, chitsiru iwe!"

Analumphira m'mbali. Ngolo inadutsa pamene anali, kutsetsereka, kukagwera m'ngalande. Gudumu kwina, mbatatesi balala phiri lonse. A Lemani anatulukira kumtunda manja ali kumutu. "Ngolo yanga! Amuna inu, ngolo yanga!"

Damiano anali tsonga m'fumbi, osayang'ana ngolo. Ankayang'ana ine.

"Bambo, mwati chiyani?"

"Ndati chitsiru."

"Ayi, poyamba paja."

"Wamva. Dzuka utole mbatatesi."

"Tanenaninso."

"Iwe, ndati dzuka!"

Anaseka. Ndi mawu ake ophwanyikawo kuseka kwake kunkamveka ngati chifuwa, misozi ikutsika. A Lemani anafika akupuma mwa wefuwefu, kutiyang'ana, nati, "Ngolo yathyoka, inu mukuseka? Mitu yanu ikugwira?" Tinatola mbatatesi mpaka dzuwa kupendeka. Tsiku limenelo tinadya mbale imodzi.

Mukuyembekeza kuti ndinene kuti zonse zinakoma. Sizinakome. Mowa ndinasiya, inde. Ndodo ya belu anadzandibwezera, palibe amene anafunsa kuti mwana ali bwanji, anangoti nkhani yakonzeka. Belu ndimaliza ndine. Koma tikalowa m'tchalitchi nyimbo amayambitsa wina. Damiano saimbanso, mawu aja anapsa, sadzabwerera. Ndikamva kwaya ndimadziwa chimene ndinawononga.

Ndipo china ndi ichi. Sipanapite nthawi yaitali, Damiano anapeza mkazi cha ku Kabwazi, anakalowa chikamwini ngati ine. Ali ndi mwana wamkazi, Rozina. Tsono mwambo mukuudziwa. Munthu wa pabanja, wobereka, sungamutchule iwe pamaso pa mkazi wake ndi apongozi ake. Ndikapita kukamuona ndimati, "Muli bwanji, bambo a Rozina?" Iye amandipatsa mpando. Ulemu womwe uja, tsopano ndi weniweni, ndipo sudzathanso. Nthawi iliyonse ndikanena inu, ndimaona diso lake likuphethira.

Nthawi yoti munthu umutchule mwana wako iwe ndi yochepa. Sindinkadziwa. Ine yanga ndinaitaya pomulanga, ndinatolako nyenyeswa zokha.

Chimene chinanditsalira ndi ichi. Ndikamabwerera kwathu amandiperekeza. Timayenda chete kudutsa nyumba za apongozi ake, kudutsa dimba, mpaka pamlatho wa mitengo pamene palibe munthu. Pamenepo ndimaima, n'kunena kuti, "Iwe, bwerera, mphepo yayamba. Uzivala juzi." Iye amati, "Chabwino bambo." Ndimayenda ulendo wonse wa ku Kabwazi chifukwa cha mawu amenewo.

Ana anu ali panja apo, pa kapinga, akudikira kuti muwaitane. Wina mumamulanga ndi chikoti, wina ndi kusamulankhula, wina ndi mapemphero ofuula kuti amve. Chida chanu mukuchidziwa nokha. Musanalowe naye kwa alangizi, mufunseni kuti njira yake imavuta bwanji, ndipo mutseke pakamwa mpaka amalize.

Ine ndatha. Wina aime.